Probox yanga yayamba kudya oyilo: kodi ndisinthe n'kuyamba kuthira wa high mileage?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu:

"Ndili ndi Toyota Probox ya petulo, injini ya 1.5, yomwe ndimanyamulira mbatata ya kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita pa boma ndi ku Lizulu. Pa dashibodi pakuonetsa makilomita 230,000. Masiku ano yayamba kudya oyilo, moti ndikayenda makilomita 1,500 ndimawonjezera pafupifupi theka la lita. Ikagona, m'mawa ndimapeza madontho awiri kapena atatu pansi, ndipo ndikangoiliza imatulutsa utsi wabuluu pang'ono kenako n'kusiya. Ndakhala ndikuthira 5W-30. Makaniko wina wandiuza kuti galimoto yakalamba, ndiyambe kuthira oyilo wa high mileage wa 20W-50. Kodi ndimumvere?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanathire. Pa zizindikiro zomwe mwafotokozazi, oyilo wa high mileage angathe kukuthandizani ndithu, koma wa 20W-50 ayi. Makaniko wanu waphatikiza nkhani ziwiri zosiyana. Ina ndi ya mankhwala omwe amaikidwa mu oyilo wopangira injini zoyenda mtunda wautali, ina ndi ya kulemera kwa oyiloyo. Yoyambayo ndi yomwe ingakupindulireni. Yachiwiriyo, mu injini ngati yanu, ingabweretse vuto lomwe panopa mulibe.

Tiyambe ndi chomwe chili m'botolomo. Makampani amagulitsa oyilo ameneyu ponena kuti ndi wa galimoto zomwe zadutsa mamailosi 75,000, omwe ndi pafupifupi makilomita 120,000. Nambala imeneyi ndi yongotsatsira malonda, palibe chomwe chimathyoka mu injini ikafika pamenepo. Kunonso nambala ya pa dashibodi siyodalirika kwenikweni, chifukwa galimoto zambiri timazigula zitayenda kale ku Japan ndipo zina zimafika nambala itabwezedwa. Injini ya makilomita 300,000 yomwe yakhala ikulandira sevisi pa nthawi yake imatha kukhala youma bwinobwino, pamene ina ya 90,000 yomwe inawirapo kamodzi ikudontha kale. Choncho chopimira ndi momwe injiniyo ikuchitira. Ikakhala kuti sikudontha, sikusuta ndipo oyilo sakutsika pa dipstick (kachitsulo kopimira oyilo), palibe chifukwa chosinthira ngakhale nambala itakwera bwanji.

Chomwe chimasiyanitsa oyiloyu ndi wamba kwambiri ndi mankhwala ofewetsa ma seal. Mu injini muli timphira tambiri totchinga oyilo: seal ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa crankshaft, mphira wa pa tappet cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini), ndi timaseal ting'onoting'ono tokhala pa thunthu la valavu iliyonse. Kutentha kwa zaka zambiri kumaumitsa mphira ameneyu n'kumukhwinyatitsa, monga momwe mphira womangira katundu pa njinga amaumira akakhalitsa padzuwa. Akauma salimbanso pa chitsulo, ndiye oyilo amapeza podutsira. Mankhwalawo amalowa mu mphira, n'kumufewetsa ndi kumutupitsa pang'ono kuti agwirenso. Kuwonjezera apo, oyiloyu kawirikawiri amakhala ndi mankhwala ochulukirapo otsuka zinyalala za mu injini ndi oteteza zitsulo kuti zisamadyane, komanso sauluka msanga ngati nthunzi akatentha. Ambiri amapangidwa molemererapo pang'ono koma osatuluka mu gulu lake, kutanthauza kuti 5W-30 wa high mileage amakhalabe 5W-30.

Malire ake ndi awa. Seal ikang'ambika kapena kusweka, palibe oyilo angailumikize. Malo omatidwa ndi silikoni, monga sampu (mokhala oyilo pansi pa injini) ndi chivundikiro cha tcheni pa injini yanuyo, sathandizidwa kwenikweni ndi mankhwalawa. Ndipo chitsulo chikadyeka, kaya ndi ma ring a pisitoni, makoma a silinda kapena ma bearing, chadyeka basi.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti oyilo wanu akupita kuti. Pali njira ziwiri zokha: akutayikira kunja kapena akupsa mkati. Inu muli nazo zonse ziwiri, koma madontho atatu pa usiku sangakwane theka la lita pa makilomita 1,500, pokhapokha ngati kudonthako kumakula injini ikamayenda. Gawo lalikulu liyenera kuti likupsa.

Utsi umanena zambiri munthu akaupenyetsetsa. Wabuluu wotuluka mukangoliza m'mawa n'kutha pakapita masekondi angapo umaloza ku ma seal a mavalavu. Galimoto ikaima usiku, oyilo wotsalira pamwamba pa injini amatsetsereka pang'onopang'ono kudutsa pa seal youmayo n'kugwera mu silinda, ndipo mukaliza amapsa nthawi imodzi. Mungatsimikize izi pa msewu. Potsika mtsetse wautali, ngati wochokera ku Tsangano kapena wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, tsikani pa giya yaing'ono phazi lili kutali ndi moto. Nthawi imeneyo injini imakoka mwamphamvu kudzera ku mavalavu olowetsa mpweya, ndipo ngati ma seal atopa imayamwa oyilo. Mukafika pansi n'kupondanso moto, wina amene ali kumbuyo kwanu aone ekizozi. Utsi wabuluu ukabuka kamodzi n'kutha, ndi ma seal a mavalavu. Koma ukamatuluka mosalekeza pamene mukukwera mtunda ndi katundu mutaponda moto, vuto lili ku ma ring, ndipo pamenepo oyilo wa high mileage angochepetsa pang'ono kapena osathandiza n'komwe. Utsi woyera wochuluka wosatha ngakhale injini itatentha, madzi akuchepa mu radiyeta komanso oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, imeneyo ndi head gasket (gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi masilinda) ndipo galimoto iyenera kuima kaye. Nthunzi yoyera ya m'mawa wa June ku Dedza kapena ku Tsangano, yomwe imatha injini ikafunda, ndi madzi chabe ndipo isakudetseni nkhawa. Utsi wakuda ndi nkhani ya petulo wochuluka, sukhudzana ndi oyilo.

Ngati mukufuna yankho losakayikitsa, pemphani galaja yomwe ili ndi geji ikupimireni compression, yomwe ndi mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Amachotsa mapulagi onse anayi injini ili yofunda, n'kupima silinda iliyonse. Manambala anayiwo ayenera kuyandikana, ndipo kusiyana kopitirira bar imodzi kukusonyeza vuto. Silinda yotsikayo amaithira kasupuni kamodzi ka oyilo podzera pa bowo la pulagi n'kuipimanso. Nambala ikakwera kwambiri ndiye kuti ma ring atha, chifukwa oyiloyo watseka mpata kwa kanthawi. Ikapanda kusintha, kutayikirako kuli ku mavalavu kapena ku gasiketi. Dziwaninso kuti ring yapansi yokolopa oyilo imatha kumatirira ndi zinyalala compression ikadali bwino, ndiye nambala zabwino sizitsimikiza kuti mapisitoni alibe mlandu. Mapulagi omwe achotsedwawo muwaone kunsonga: yomwe ili ndi mwaye wonyowa kapena zokakamira zokhuthala ikuuzani silinda yomwe ikuwotcha oyilo.

Musanagule oyilo wodula, pali kachipangizo kamodzi kotsika mtengo komwe ambiri amakaiwala, ndipo nthawi zina ndi komwe kamayambitsa zonse ziwiri, kudontha ndi kusuta. Ndi PCV valve, yomwe imakhala pa tappet cover ndipo ili ndi kapaipi kamphira kopita ku manifold yolowetsa mpweya. Mpweya wina wa moto umadutsa ma ring nthawi zonse n'kulowa kumunsi kwa injini, ndipo ntchito ya kavalavuka ndi kuutulutsa. Kakatsekeka ndi zinyalala, mpweya umadzadza mkati n'kukankha oyilo pa seal iliyonse yofooka. Kakakanirira kali kotsegula, injini imayamwa oyilo n'kumuwotcha. Kachotseni mukagwedeze pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira kuti kweche kweche. Kakakhala chete, kasintheni, ndipo muone ngati kapaipi kake sikanaume kapena kutsekeka. Kuthira oyilo wa high mileage PCV ili yotsekeka n'kutaya ndalama, chifukwa mphamvu yokankha oyiloyo imakhala ikadalipo.

Za madontho apansiwo, tsukani injini ndi mankhwala ochotsa girisi, iume, muyende makilomita 20 kapena 30, kenako muunike ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika. Oyilo amatsetsereka kumunsi ndiponso mphepo imamukankhira kumbuyo, ndiye pomwe akudontherapo si pomwe akuchokera. Pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ndi ya Probox ya 1.5, malo oyamba kuona ndi mphira wa tappet cover. Muzule koyilo imodzi muone m'dzenje la pulagi, mukapezamo oyilo ndiye kuti mphirayo watha. Kumusintha ndi ntchito ya ola limodzi ndipo mtengo wake ndi wochepa, choncho musadikire kuti oyilo watsopano akonze zimenezo. Onaninso wachala ya bawuti ya sampu, yomwe ambiri amaibwezera yomweyo zaka ndi zaka, mphira wa fyuluta, ndi switch ya nyali ya oyilo. Pokhapo pomwe oyilo wa high mileage ali ndi phindu lalikulu ndi pa seal yovuta kufikira, makamaka ya kumbuyo kwa crankshaft, yomwe imaonekera ngati chinyezi pomwe injini yakumana ndi giyabokosi. Kuti isinthidwe pamafunika kutsitsa giyabokosi yonse. Ikakhala kuti ikungochita thukuta, kuyesa kaye oyiloyu n'kwanzeru. Ikamadontha mosalekeza, isinthidwe, ndipo pa galimoto ya manual isachedwe chifukwa oyilo akafika pa klatchi imayamba kuterereka.

Tsopano nkhani ya 20W-50, yomwe ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri pa malangizo omwe mwalandira. Nambala yoyamba, ya W, imanena momwe oyilo amayendera akazizira, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti amayenda msanga. Yachiwiri imanena kulemera kwake injini ikatentha kufika madigiri 100. M'mashopu a kuno mabotolo ambiri olembedwa kuti high mileage amakhala a 20W-50, ena mpaka 25W-60. Amenewa ndi oyenera injini za kalekale, za kabureta, zokhala ndi mipata ikuluikulu mkati, monga za mapikapu akale. Pa injini zotero oyilo wolemera amakwezadi mphamvu ya oyilo ndi kuchepetsa utsi, ndipo n'kumene amakaniko ambiri anaphunzirira chizolowezi chimenechi. Sakunama, koma akunena za injini ya mtundu wina.

Injini yanu ili ndi VVT-i. Imagwiritsa ntchito oyilo yemweyo potembenuza camshaft kuti mavalavu azitseguka pa nthawi yoyenera, ndipo oyiloyo amadutsa mu valavu yaing'ono yamagetsi yokhala ndi kasefa kosalala kwambiri ndi timipata topapatiza. Tcheni cha timing nachonso chimakokedwa ndi tensioner yodalira oyilo. M'mawa wa June kapena July ku Tsangano, Lizulu kapena Bembeke, kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 10, oyilo wa 20W-50 amakhala wolemera kuposa 5W-30 katatu kapena kupitirira. Saundana ayi, galimoto idzalira, koma amachedwa kufika pamwamba pa injini, ndipo masekondi oyambirirawo ndi pomwe zitsulo zimadyana kwambiri. Zotsatira zake zingakhale phokoso la kwekwekwe poliza, VVT-i kuchedwa kuyankha, nthawi zina nyali ya check engine, ndi petulo wochulukirapo tsiku lililonse chifukwa injini ikulimbana ndi oyilo wake womwe. Palinso china: ngati ma ring okolopa oyilo ayamba kumatirira, oyilo wolemera amavutika kubwerera kumunsi podzera mu timabowo ta pisitoni, ndiye m'kupita kwa nthawi vutolo limakula.

Chomwe ndikukulangizani ndi kufunafuna high mileage wa 5W-30. Akasowa, poti sapezeka paliponse, wa 10W-30, 5W-40 kapena 10W-40 ndi wovomerezeka pa injini ya msinkhu umenewu yomwe imanyamula katundu pa mitunda. Kukwera sitepe imodzi kuchoka pa 30 kupita pa 40 kumachepetsako kudya oyilo popanda kuvutitsa VVT-i, ndipo 10W-40 wabwino wamba ndi woyenera injini yanu kuposa 20W-50 wolembedwa high mileage. Kumbuyo kwa botolo yang'anani chizindikiro cha API, chomwe chimaonetsa muyezo wa ubwino wa oyilo. Pa petulo chikhale SL, SM, SN kapena SP, ndipo chilembo chachiwiri chikamayandikira kumapeto kwa alifabeti ndiye kuti muyezo wake ndi watsopano. Kaya ndi synthetic, semi-synthetic kapena mineral, onse amapezeka a high mileage ndipo onse angalowe mu injini yakale. Mawu oti synthetic amabowola ma seal si oona pa oyilo wa masiku ano. Chomwe chimachitika n'chakuti oyilo wotsuka bwino amachotsa zinyalala zomwe zinatseka seal yowonongeka kale, ndiye kudontha kumaonekera.

Gulani pa filling station kapena kwa ogulitsa odziwika, botolo lili lomata. Oyilo wopungulira m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu simungadziwe gulu lake, ndipo wina amakhala wogwiritsidwa kale ntchito wongosefedwa. Botolo limodzi la oyilo wotero lingawononge kuposa kusiyana konse kwa high mileage ndi wamba.

Posintha sipafunika mwambo wapadera. Tsegulani kaye chotsekera pothirira oyilo muunike mkati. Mukaona zitsulo zofiirira ngati golide, injini ndi yoyera. Mukaona phala lakuda lokakamira, musalole kuti athiremo mankhwala a engine flush, dizilo kapena palafini. Zinthu zimenezi zimagumula zinyalala zambiri nthawi imodzi, zidutswa zake n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo mu sampu, ndipo injini imatha kugogoda m'masiku ochepa. Njira yotetezeka ndi kuthira oyilo watsopano ndi fyuluta yatsopano, n'kusinthanso zonse ziwiri pa makilomita 2,000 kapena 3,000, kawiri motsatizana, kuti zinyalala zichoke pang'onopang'ono.

Khuthulani injini ili yofunda kuti oyilo atuluke ndi zinyalala zake, galimoto itaima pamalo osalala. Ikani wachala yatsopano pa bawuti ya sampu ndipo isamangidwe mwankhanza. Pakani kaoyilo pa mphira wa fyuluta yatsopano, onetsetsani kuti mphira wa yakale sunatsalire pa injini, ndipo imangeni ndi dzanja: ikakhudza, muizungulitse magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Injini ya 1NZ-FE imalowa malita pafupifupi 3.7 pamodzi ndi fyuluta, ndiye botolo la malita 4 likukwanira ndipo la malita 5 likusiyirani wowonjezera. Thirani malita 3.5, lizani mphindi ziwiri, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, kenako muone dipstick n'kuwonjezera mpaka pa chizindikiro cha pamwamba. Musapitirize poganiza kuti poti imadya oyilo bola ikhale ndi wambiri. Oyilo akachuluka, crankshaft imamumenya n'kuchita thovu, thovulo silipaka bwino zitsulo, ndipo ma seal amapanikizika koposa.

Kuti mudziwe ngati kusinthako kwathandiza, lembani. Tsiku losinthalo lembani makilomita a pa dashibodi, ndipo nthawi iliyonse mukawonjezera lembani kuchuluka kwake. Pimani pamalo amodzimodzi osalala, m'mawa musanalize. Mankhwala ofewetsa ma seal amagwira pang'onopang'ono, choncho musaweruze pa sabata yoyamba. Mupatseni makilomita 1,500 mpaka 3,000, ndipo chigamulo chenicheni chibwere pa mapeto a sevisi yachiwiri. Panopa mukudya pafupifupi lita imodzi pa makilomita 3,000. Mabuku a galimoto zambiri za Toyota amaika malire pa lita imodzi pa makilomita 1,000, ndiye injini yanu sinafike poipa, ndipo ingakutumikireni nthawi yaitali bola dipstick iziyang'anidwa kawiri pa sabata. Chomwe chimapha injini zodya oyilo nthawi zambiri ndi kuiwala kuwonjezera. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa msewu, ndiye kuti mphamvu ya oyilo yagwa kale, imani pomwepo ndi kuzimitsa.

Oyilo wa high mileage satalikitsa nthawi ya sevisi. Fumbi la misewu ya kumunda, katundu wolemera ndi mitunda ya Ntcheu ndi ntchito yowawa kwa injini, ndiye makilomita 5,000 kapena miyezi 6 ndi malire abwino. Kuwonjezera oyilo pafupipafupi sikulowa m'malo mwa kusintha, chifukwa zinyalala zimatsalabe mu sampu ndi mu fyuluta. Fyuluta ya mpweya muisamale ngati momwe mumasamalira oyilo: ikang'ambika kapena bokosi lake likapanda kutsekeka bwino, fumbi limalowa n'kupala ma ring ndi makoma a silinda, ndipo pa misewu yathuyi ndi chimene chimakalambitsa injini msanga. Poithira mpweya wa kompuresa, uzirani kuchokera mbali yoyera kupita yakuda, ndipo ikatopa igulidwe ina.

Mukakhala pa ulendo n'kusowa wa high mileage, kuwonjezera wamba wa gulu lofanana kulibe vuto, amasakanikirana bwino. Kubwerera ku wamba nakonso n'kotheka, kungoti kudontha komwe kunasiya kungayambirenso pakapita nthawi. Timabotolo ta stop leak kapena ta mankhwala okhuthala oletsa utsi musatiwonjezere pamwamba pa oyiloyu, chifukwa tina timatupitsa mphira mopyola muyezo ndipo tina timalemeretsa oyilo mpaka kufanana ndi 20W-50 yemwe tikumupewayu. Ndipo wotsala musakathire mu njinga yamoto ya kabaza. Klatchi yake imakhala m'kati mwa oyilo ndipo imafuna wolembedwa JASO MA, wa galimoto angaiterereketse. Amene ali ndi minibasi kapena pikapu ya dizilo atsate chizindikiro cha API choyamba ndi C, monga CI-4, kawirikawiri wa 15W-40.

Ngati mutasintha PCV ndi mphira wa tappet cover, n'kuyenda masevisi awiri pa oyilo watsopanoyu, utsi wa m'mawa ukupitirirabe, ma seal a mavalavu auma mopitirira. Alipo 16 pa injini yanu, ndipo makaniko wokhala ndi zida zoyenera amatha kuwasintha osachotsa cylinder head, pogwira mavalavu ndi mpweya wa kompuresa kapena chingwe cholowetsa pa bowo la pulagi. Ntchitoyi ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuphwasula injini, ndipo musalole kuuzidwa za ovaholo compression isanapimidwe. Koma kudya oyilo kukafika pa lita imodzi pa makilomita 1,000, mapulagi akumada pafupipafupi ndipo mphamvu yatha pa mitunda, werengani bwino: pa sevisi imodzi ya makilomita 5,000 mudzakhala mukuthira malita 5 owonjezera, kuposa omwe injini imalowa. Oyilo wopsayo amawononganso oxygen sensor ndi catalytic converter. Pamenepo siyani kugula wodula, thirani 10W-40 kapena 15W-40 wabwino wotsika mtengo, ndipo ndalama yotsalayo muyambe kusungira ma ring atsopano kapena injini ina.